Masiku asanu pabwalo la alembi ku Zomba

Lachiwiri usiku

Ndafika ku Zomba dzuwa litapendeka, ndipo ndikulemba izi nditakhala pakama m'kachipinda ka nyumba ina yogona alendo kufupi ndi msika, chifukwa tebulo limene lilimo ndi lotsimphina mwendo umodzi. Ndinalawirira m'mamawa ku Lilongwe, koma basi inayamba yadikira kudepoti kuti idzaze, kotero kuti pamene tinkadutsa pa Dedza n'kuti dzuwa litakwera kale. Pa Lizulu, pamene msewu wa M1 ukuyenda m'malire a Malawi ndi Mozambique, amalonda anatizinga ndi mabeseni a kachewere, kabichi ndi matimati, ndipo mayi amene ndinakhala nawo mpando umodzi anagula thumba limene linatsamira mapazi anga mpaka pa Liwonde. Sindinadandaule, pakuti nanenso ndinali ndi katundu wanga pamiyendo: envulopu ya masamba 14 a nkhani yaifupi imene ndakhala ndikulemba ndi kufufuta kwa zaka ziwiri.

Chandibweretsa ndi maphunziro a kalembedwe amene gulu lina la alembi a kuno lakonza kuyambira mawa mpaka Loweruka. Wina angafunse chifukwa chimene munthu wokhala ku Lilongwe, kumene Shadreck Chikoti anayambitsa Story Club mu 2013, wayendera mtunda wa makilomita pafupifupi 300 kuti akawerenge nkhani yake. Yankho loona ndi lakuti ndine wamantha. Ndinaona kuti n'chapafupi kuchita manyazi pamaso pa anthu amene sindidzakumana nawo mu Area 25 kusiyana ndi pamaso pa anzanga odziwa kumene ndimagwira ntchito.

Titadutsa pa Domasi ndinakumbukira kuti m'dera limeneli ndi mmene muli Malawi Institute of Education, kumene amakonza maphunziro a m'sukulu ndi kuunika mabuku oti ana aziwerenga. Mlembi aliyense wa Chichewa amadziwa dzina limeneli, chifukwa buku likalowa pamndandanda wa sukulu ndiye kuti lapeza ogula. Ine ndilibe buku, ndili ndi envulopu chabe.

Lachitatu

Tikukumana m'kalasi ya sukulu ina imene ana ake ali patchuthi, ndipo takhala pamadesiki otipanikiza mawondo. Tilipo 17. Pali ophunzira a kuyunivesite, ambiri mwa iwo ochita lendi ku Chikanda, aphunzitsi atatu, namwino mmodzi, mnyamata wa kabaza amene amalakatula ndakatulo pamaukwati, ndiponso akuluakulu awiri opuma pantchito, bambo ndi mayi, amene akutsogolera zokambirana. Palibe amene akulipidwa. Aliyense wasonkha kangachepe ka tiyi, mandasi ndi mapepala.

Lamulo la gululi ndi limodzi, ndipo analinena katatu kuti alendofe timvetse: mwini nkhani amawerenga mokweza, akatha amakhala chete, ndipo saloledwa kudziteteza kufikira bwalo lonse litalankhula. Tinayenera kulandira aliyense kope la zolemba za mnzake, koma magetsi anathima kuyambira m'mawa ndipo mnyamata amene anatumidwa kukachita fotokope anabwerako chimanjamanja. Tinangodalira makutu. Poyamba ndinayesa kuti tsiku lawonongeka, koma pofika masana ndinaona kuti khutu silikhululuka zimene diso limalekerera. Wophunzira wina anawerenga ndakatulo imene papepala iyenera kuti imaoneka yaulemu wake, koma pakamwa inamukola yekha pamzere wachitatu, pamene anasanja mawu a Chichewa motsata kayalidwe ka Chingerezi, ndipo tonse tinamva kukolako asanatiuze munthu.

Masana bambo wamkulu uja anatikumbutsa kuti mwambo wowerengerana ndi kudzudzulana pamaso si wachilendo mumzinda uno. Gulu lotchuka la Writers Group linayamba mu 1970, Chancellor College idakali ku Chichiri ku Blantyre, ndipo linasamuka pamodzi ndi kolejiyo kubwera kuno ku Chirunga mu 1973. Munadutsa Jack Mapanje, Lupenga Mphande, Frank Chipasula, Steve Chimombo, Anthony Nazombe, Ken Lipenga ndi ena ambiri, pamodzi ndi aphunzitsi ochokera kunja monga David Kerr ndi Landeg White. Ankakumana sabata iliyonse, zolemba zitapukusidwa pamakina a stensulo, ndipo wophunzira wa chaka choyamba ankatha kutsutsa ndakatulo ya mphunzitsi wake popanda mlandu. M'dziko la masiku amenewo chimenechi chinali chinthu chachikulu. Lamulo lounika mabuku, mafilimu ndi zisudzo linali litakhazikitsidwa mu 1968, ndipo aliyense ankadziwa kuti pakati pa omvera pakhoza kukhala kazitape, choncho alembiwo anaphunzira kubisa mawu awo m'nthano, m'miyambi ndi m'zinyama. Mapanje anatenga bilimankhwe wosintha maanga. Chimombo anatenga Napolo, chinjoka cha pansi pa phiri chimene anthu a kuno amati ndicho chinagumula Zomba pa chigumula cha mu Disembala 1946. Onse awiri analembaponso za dzenje la Chingwe la pamwamba pa phirili, limene amati kale ankaponyamo anthu, ndipo womva ankadziwa yekha kuti dzenje likunenedwalo si la makedzana lokha.

Ndinalemba zonsezi m'kope mwanga ngati mbiri yosangalatsa, yondikhudza pang'ono chabe. Madzulo ndinayenda wapansi mpaka kuchipata cha ku Chirunga, kumene kuyambira 2021 dzina lakuti University of Malawi latsalira pasukulu yokhayi, ndinayang'ana denga la Great Hall, n'kubwerera. Mawa ndi tsiku langa lowerenga.

Lachinayi

Ndalingalira kwa nthawi ngati ndilembe za lero kapena ndingodumpha, koma ndinalonjeza kulemba tsiku lililonse.

Nkhani yanga ndi ya mkamwini wa ku Ntchisi amene wakhala zaka zisanu kuchikamwini, akulima munda wa apongozi ake, kufolera nyumba zawo ndi kusoka fodya amene ndalama zake zimathera m'manja mwa atsibweni a mkazi wake. Masamba 11 oyamba anayenda bwino, ndipo ndinamva anthu akuseka pamene ndinafuna kuti aseke. Kenaka ndinafika pamene ndinkapanyadira kuposa ponse, pamene mkamwiniyo aimirira pakhonde pamaso pa apongozi ake aakazi n'kunena kuti: "Amayi, ndatopa nanu. Simundilemekeza, ndipo ine sindine kapolo wanu. Ndikufuna ufulu wanga." Ndinawerenga mawu amenewa ndi mphamvu, ndinamaliza nkhani, ndipo ndinakhala pansi kudikira.

Ophunzira awiri anayamikira. Namwino uja anati chiyambi n'chotalika, ndipo ankanena zoona. Kenaka mayi wamkulu uja, amene anaphunzitsa Chichewa kusekondale mpaka kupuma, anavula magalasi n'kundiyang'ana.

"Achimwene, kwanu n'kuti?"

Ndinayang'ana kwa bambo wotsogolera, popeza lamulo linali lakuti ndisalankhule, ndipo iwo anagwedeza mutu kundiloleza.

"Ku Ntchisi, mayi."

"Ndiye kwanuko munaonapo mkamwini ataimirira chilili pamaso pa apongozi ake aakazi n'kuwauza kuti watopa nawo?"

"Sindinaonepo, mayi."

"Nanga mawu amenewa munawatenga kuti? Ine ndikuti munawamva pakanema. Munthu uyu mwamulera bwino masamba onsewa ngati Mchewa, koma pamene mtima wake wasweka mwamulanda pakamwa n'kumuika pakamwa pa munthu wina."

Sanalekere pomwepo. Anafotokoza, pang'onopang'ono ngati akuphunzitsa Fomu 2, zinthu zimene ndimazidziwa kuyambira ubwana koma sindinaganizepo kuti ndi zipangizo za mlembi. Mkamwini wa kumudzi akakumana ndi apongozi aakazi panjira, mmodzi amapatukira kutchire. Akafuna kulankhula nawo amanjuta chapatali atayang'ana kumbali, ndipo nthawi zambiri mawu amadzera mwa mwana. Dandaulo lenileni limapita kwa ankhoswe. Mkwiyo umene watsala umatulukira pa galu wogona pakhomo, pa nkhuku yolowa m'nyumba, kapena pa khasu losakhazikika mumpini, monga momwe mkazi wodandaula amaimbira nyimbo pamtondo mudzi wonse n'kumva amene akunenedwa popanda dzina kutchulidwa. Anamaliza ndi mwambi wakuti mkamwini ndi mlamba, sachedwa kuterereka, n'kunena kuti mlamba suchita kulengeza kuti ukuterereka, umangopezeka kuti m'manja mulibe.

Nthawi yanga yoyankha itakwana ndinati ndinafuna kuti owerenga amve ululu wa munthuyo mosabisa. Mayiwo anangoti: "Ululu umene munthu saloledwa kuutchula ndi umene umapweteka owerenga, mwanangu. Inu mwamuchiritsa msanga." Ndinazindikira kuti ndachoka pa achimwene kufika pa mwanangu, ndipo sindinadziwe ngati kumeneko kunali kukwezedwa kapena kutsitsidwa.

Nkhomaliro inali nsima ya matemba ndi chisoso, koma ndinadya ngati wodwala. Ndivomereze kuti ndinakwiya, ndipo m'mutu mwanga ndinakonza mayankho ambiri anzeru amene sindinawapeze pamene ankafunika. Zokambirana za masana, zokhudza kamangidwe ka ndime, sindinazimve bwino.

Madzulo ndinakwera chamtunda kudzera kunyumba zakale za boma, za nthawi imene Zomba linali likulu la dziko lisanasamukire ku Lilongwe mu 1975, mpaka ndinafika pafupi ndi Gymkhana Club. Pamalo amenewa ndi pamene apolisi anamangira Jack Mapanje pa 25 Sepitembala 1987, n'kukamutsekera kundende ya Mikuyu kufikira mu Meyi 1991 popanda kumuzenga mlandu uliwonse. Nditaima pamenepo ndi pamene zimene ndinamva dzulo ndi zimene ndamva lero zinakumana. Dzulo ndinaganiza kuti alembi aja anatulukira luso lophiphiritsa chifukwa cha mantha. Tsopano ndikuona kuti sanalitulukire, analipeza lili kale kwawo, pamtondo, pabwalo la milandu ndi kuchikamwini, ndipo ngakhale ambiri a iwo ankalemba m'Chingerezi, kazembedwe ka mawu kanali ka kumudzi. Ine wolemba m'Chichewa chenicheni, m'nthawi imene palibe wondiletsa kunena chilichonse, ndi amene ndataya lusolo. Sindikusirira masiku amenewo ngakhale pang'ono, pakuti kuphiphiritsako sikunamupulumutse Mapanje ku Mikuyu, ndipo Chipasula anachita kuthawa m'dziko muno. Ndikungoona kuti ufulu wolankhula utabwera mu 1994, ambirife tinayamba kulemba ngati kuti chilichonse chiyenera kunenedwa poyera ndiponso mokuwa, ndipo anthu a m'nkhani zathu anasanduka olankhula pamsonkhano.

Lachisanu

M'mawa wonse unathera pa mkangano wa kalembedwe ka mawu, umene ndikukhulupirira kuti umabuka paliponse pamene alembi a Chichewa apitirira atatu. Kodi tilembe mau kapena mawu? Kodi ndi panyumba kapena pa nyumba? Wina anakumbutsa kuti kabuku ka ndakatulo 39 kamene Writers Group inatulutsa mu 1971 kanali ndi mutu wakuti Mau, wopanda w, ndipo wina anayankha kuti malamulo anasintha pambuyo pake kudzera ku Chichewa Board imene inakhazikitsidwa mu 1972, ntchito imene kuyambira 1996 ili m'manja mwa Centre for Language Studies konkuno ku Zomba. Aphunzitsi anaima pa malamulo, ophunzira anaima pa zimene anthu amalemba pafoni, ndipo mnyamata wa kabaza anati iye zonsezi sizimukhudza chifukwa ndakatulo zake amazisunga pamtima. Sitinagwirizane, koma tiyi anafika.

Masana tinakamba za kusindikiza, ndipo nkhope zinagwa. Njira zimene zilipo aliyense akuzidziwa: masamba a Chichewa a m'nyuzipepala za kumapeto a sabata, mipikisano ya Malawi Writers Union imene yakhalapo kuyambira 1995, wailesi kwa alakatuli, kapena kusindikiza ndi ndalama za m'thumba n'kukonza mwambo wokhazikitsa buku kumene achibale ndi mabwana amapikisana kugula kope loyamba, makope otsalawo n'kukagona m'katoni kunsi kwa bedi. Bambo wamkulu uja anakumbutsa osindikiza okha kuti lamulo limafuna kuti kope la buku lililonse lotuluka m'dziko muno likasiyidwe ku National Archives, imene ili mumzinda womwe uno, ndipo anthu atatu amene anatulutsapo mabuku anayang'anana mosonyeza kuti akumva koyamba. Chimene chinandikhudza ndi chakuti pa anthu 17 amene tili muno, ndi anayi okha amene anagulapo buku la mlembi wa ku Malawi chaka chino, ndipo ine sindili m'gulu la anayiwo.

Usiku uno magetsi athimanso, ndipo ndalemba ndi tochi ya pafoni nditaitsamiritsa pa kapu. Ndang'amba masamba atatu omaliza. M'malo mwake mkamwini uja akudzuka tambala woyamba, akumaliza kufolera nkhokwe ya apongozi imene anaiyamba dzulo lake, akunola chikwanje ndi khasu zimene anabwereka pakhomopo chaka chimene anafika, kenaka akuitana mwana wake wamkazi wa zaka zinayi n'kumuuza kuti: "Kapereke izi kwa agogo ako. Ukawauze kuti nkhokwe yatha, mvula ikabwera chimanga sichinyowa." Apongoziwo, amene amva zonse ali kuseri kwa chitseko, akuyankha kudzera mwa mwana yemweyo kuti: "Kawafunse abambo ako ngati phala aphikire pano kapena akamwera kutsogolo." Ndalemba zimenezi kanayi, ndipo batire latsala pang'ono kutha.

Loweruka

Anandipatsa mphindi khumi kumapeto kwa pulogalamu kuti ndiwerenge masamba atsopanowo. Nditafika pa funso la phala, m'kalasi munali zii, kenaka mnyamata wa kabaza anawomba m'manja kamodzi n'kunena kuti: "Agogowo adziwa kuti akupita!" Mayi wamkulu uja sanayamikire. Anati ndime yomaliza, imene ndinafotokozamo kuti mkamwiniyo anamva chisoni chosaneneka akutuluka m'mudzi, ndiyichotse yonse chifukwa phala lanena kale zimenezo. Anawonjezera kuti mwana wa zaka zinayi sanganyamule khasu ndi chikwanje chonola nthawi imodzi, ndipo mayi aliyense wowerenga adzaleka kumvera nkhani n'kuyamba kudera nkhawa zala za mwanayo. Mwanayo tsopano ali ndi zaka zisanu ndi zitatu, zimene zikutanthauza kuti bambo ake akhala kuchikamwini zaka zoposa zimene ndinalemba, ndipo ndiyenera kubwerera kutsamba loyamba kukakonza zonse.

Koma amene anandisiya ndi funso lalikulu ndi mtsikana wina wa kuyunivesite, amene masiku onsewa amalankhula mwa apo ndi apo. Iye anati, mwaulemu koma mosaopa, kuti akuona ngati akuluakulu akufuna kuti tonse tizilemba mudzi umene ukutha. Kwawo ku Chinamwali, anatero, alamu ake amakangana ndi amayi ake pa WhatsApp, mawu ake osaphiphiritsa ngakhale pang'ono, ndipo ngati mlembi alemba mkamwini wonjuta chapatali m'nkhani ya chaka chino, ameneyonso akunama. Ndinayembekeza kuti mayi aja akwiya, koma anaseka n'kunena kuti: "Ndiye lembani ameneyo, mwanangu, mutibweretsere mwezi wamawa. Koma mukamvetsere bwino zimene alamu anuwo salemba pafonipo, ndiponso chimene amachita akakumana ndi amayi anu pamaliro." Mtsikanayo anati ayesa, ngakhale nkhope yake inaonetsa kuti sanagonje. Ine ndikuganiza kuti onse awiri akunena zoona, ndipo sindikudziwa kuti mkamwini wanga akanatani akanakhala ndi foni m'thumba. Mwina ndi chifukwa chake ndinaika nkhaniyi m'zaka za m'ma 1980 osadzifunsa chifukwa.

Tisanabalalike anagawa ntchito. Aliyense watenga zolemba za mnzake mmodzi kuti akaziwerenge kunyumba ndi kubweza ndemanga zolembedwa mwezi usanathe, ndipo alendo ochokera kutali sitinakhululukidwe. Ine andipatsa nkhani ya namwino uja, masamba 9 olembedwa pamanja, yokamba za mlonda wa pachipatala amene amadziwa odwala amene sadzatuluka poona mmene achibale awo akumangira mitolo. Yanga yatengedwa ndi mtsikana wa ku Chinamwali, ndipo ndikudziwa kale kuti sadzandinyengerera.

Ena anakwera phiri masana kukaona damu la Mulunguzi ndi kugula sitiroberi kwa anyamata a m'mbali mwa msewu wa ku Ku Chawe. Ine ndinatsala, ndinapita kumsika kukagula mpunga wa ku Chilwa woti ndikapereke kunyumba, kenaka ndinafunafuna buku la mlembi wa kuno kuti ndichoke m'gulu la anthu 13 aja. Ndinalipeza lakale, lachikuto chong'ambika, pamphasa ya wogulitsa mabuku a sukulu, ndipo dzina la mwini wake woyamba linali litafufutidwa ndi bolopeni.

Lamulungu, m'basi

Taima pa Liwonde kudikira anthu ena, ndipo anyamata akugogoda mawindo ndi nsomba zowamba ndi chimanga chootcha. Ndatulutsa nkhani ya namwino ndi pensulo. Patsamba lachitatu mlonda uja akuuza mayi wina amene mwamuna wake wagonekedwa kuti: "Ndikumva chisoni kwambiri ndi zimene mukudutsamo." Ndazunguliza chiganizo chimenechi, ndipo m'mphepete ndalemba funso lakuti kodi achemwali anamvapo mlonda wa pageti akulankhula chotere, kapena akanangowatsegulira mayiwo geti nthawi yoona odwala isanakwane n'kuyang'ana kumbali. Ndafufuta, ndalembanso mofatsa pang'ono, chifukwa ndikukumbukira mmene nsima inandikanira Lachinayi. Kondakitala akuti tinyamuka anthu awiri akapezeka, ndipo masamba atsala asanu ndi limodzi.